Peni Yoboola M'kachitini: Chuma Kapena Chikumbutso?

Mwezi wa June chaka chatha tinali pa ulendo wathu wa masiku onse woyendera mabanja kuno kwa Lukwa, kuona za zimbudzi, mipondagiya ndi maneti a udzudzu. Pakhomo lina tinapeza mwana wa zaka zinayi ali gone pamkeka, thupi lili moto, tsiku lachitatu. Titafunsa chimene chawalepheretsa kupita naye kuchipatala, mayi ake anati ya kabaza palibe. Tinadabwa, chifukwa banjali linali litangogulitsa mabelo ake ku okushoni ya Chinkhoma. Mayiwo anangoti, "Afunseni bambo akewa."

Bambowo analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kachitini. Munali makobidi akale 14: mapeni oboola pakati a nthawi ya Chitaganya, ndi ena a mutu wa Kamuzu. Anawagula kwa mnyamata wina pamsika ndi ndalama yokwanira matumba awiri a feteleza. Mnyamatayo anawauza kuti kuli mzungu ku Lilongwe amene akugula peni iliyonse pamtengo wa njinga yamoto, ndipo anawasiyira nambala ya foni. Nambalayo inali itasiya kugwira.

Sitikuwaseka bambowa. Nafenso tinamvapo mphekesera zoti simbi zamakala za tambala pamwamba, nyale zakale ndi makina osokera a agogo zili ndi msika wa mamiliyoni, ndipo ena a ife tinakafufuzadi kuseri kwa nkhokwe. Chimene chimapatsa mphamvu mphekeserazi n'choti kunjaku kulidi anthu olipira ndalama zoopsa pogula zinthu zakale. Chitsanzo chotchuka ndi timakadi ta baseball ta ku America, ndipo n'zochititsa chidwi kuti nkhani yake inayambira mu fodya, mbewu yomwe tonse kuno timaidziwa.

Baseball ndi masewera omenya kampira ndi chibonga, ndipo Amereka amawakonda monga ife tikondera mpira wamiyendo. Pakati pa 1909 ndi 1911 kampani ya American Tobacco Company inkaika timakadi ta zithunzi za osewera m'mapaketi a ndudu. Cholinga chinali kukopa ogula, ndipo ana ndi amene ankatifuna kwambiri timakadito. Wosewera wina wa timu ya Pittsburgh Pirates, Honus Wagner, anakana kuti chithunzi chake chigwiritsidwe ntchito. Ena amati sankafuna kuti ana azigula ndudu chifukwa cha iye, ena amati nkhani inali ya malipiro. Ife azaumoyo timakonda chifukwa choyambacho, tisabise. Kampaniyo inasiya kusindikiza kadi yake itangotulutsa ochepa, moti lero otsala ndi makumi angapo chabe padziko lonse. Mu August 2021 imodzi inagulitsidwa madola 6.6 miliyoni, ndipo patatha chaka ina inapita pa madola 7.25 miliyoni. Mu August 2022 momwemo, kadi ya Mickey Mantle yosindikizidwa ndi kampani ya Topps mu 1952 inagulidwa madola 12.6 miliyoni. Mwini wake anaigula mu 1991 pa madola 50,000.

Munthu ukamva zimenezi mutu umazungulira. Koma tiyeni tione chimene ogulawo amalipirira, pakuti si ukale wokha ayi.

Choyamba ndi kusowa kwa chinthucho. Kadi ya Wagner ndi yodula chifukwa ilipo yochepa kwambiri. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi kumayambiriro kwa za m'ma 1990, Amereka ambiri atamva kuti makadi ndi chuma, anayamba kugula makatoni athunthu n'kusunga osatsegula, poganiza kuti ana awo adzaphunzirira pomwepo. Makampani ataona msika anasindikiza makadi ochuluka zedi. Popeza aliyense anasunga, palibe chinasowa, ndipo lero makadi ambiri a nthawi imeneyo ndi mapepala wamba. Zinabwerezanso nthawi ya Covid-19: mu 2020 ndi 2021 mitengo inakwera modabwitsa, kenako ya makadi ambiri inatsika, ogula mochedwa n'kutsala atagwira njakata.

Chachiwiri ndi maonekedwe. Ife alimi a fodya apa sitivutika kumva, chifukwa timadziwa kuti tsamba lomwelo likathothoka kapena kuchita nkhungu, giredi imatsika ndipo mtengo umagwa. Makadinso ali ndi makampani oyeza, monga PSA, amene amapereka giredi kuyambira 1 mpaka 10 n'kumata kadiyo m'kabokosi ka pulasitiki. Kona yopindika pang'ono imatha kudula mtengo kwambiri. Ngakhale ndi akatswiri onsewo, chinyengo chimalowabe. Kadi ina ya Wagner yotchuka koposa, imene katswiri wa masewera a hockey Wayne Gretzky ndi mnzake anagula mu 1991 pa madola 451,000, inadzadziwika kuti inachita kudulidwa m'mbali kuti ioneke yatsopano. Wamalonda Bill Mastro anavomera zimenezi m'khoti mu 2013 ndipo anakagwira ndende pa milandu ya chinyengo. Ngati anthu a maloya ndi makina oyezera anapusitsidwa, nanga ife pamsika wa tsiku Lachiwiri, kobidi lili m'manja mwa mlendo?

Chachitatu, ndipo kwa ife ndicho chachikulu, ndi wogula weniweni. Ku America kuli nyumba za okushoni zodziwika, mitengo imalembedwa poyera, ndipo aliyense angathe kuona kuti kadi yonga yake inapita pa zingati. Kadi siibala, siikolola, siipereka chiwongola dzanja. Phindu lake limadalira munthu wina wofuna kulipira zambiri kuposa iwe. Kuno wogulayo nthawi zonse amakhala "mzungu wina" amene palibe anamuonapo, ndipo amene akukuuza za iye ndi yemweyo akukugulitsa katunduyo. Funso losavuta n'lakuti: ngati peniyo ndi ya mtengo wa njinga yamoto, bwanji mnyamatayo sakukwera basi kukaigulitsa yekha?

Tsono makobidi a m'kachitini aja. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinakhalapo kuyambira 1953 mpaka 1963, ndipo makobidi ake anayamba kutuluka mu 1955. Peni inali ndi njovu ziwiri, hafupeni inali ndi akadyansonga, zonse zoboola pakati. Anazipanga mamiliyoni, kuti zikwanire maiko atatu. Mu 1964 Malawi anatulutsa makobidi akeake a mutu wa Kamuzu Banda, mwana wa kuno ku Kasungu, ndipo mu 1971 tinasiya mapaundi ndi mashileni n'kuyamba kwacha ndi tambala. Makobidi onsewa ndi mbiri yathu yeniyeni, koma ndi ambirimbiri. Pa intaneti peni yoyendayenda ya Chitaganya imagulitsidwa madola ochepa chabe, ndipo wogulitsa amachotsapo ya positi. Bambo aja anali atawakwecha makobidi awo ndi phulusa ndi mandimu kuti awale. Osonkhanitsa makobidi safuna zimenezo; kobidi lokwechedwa amaliyesa lowonongeka.

Za simbi ndi makina osokera, mphekesera imati mkati mwake muli "mekyule yofiira" yamtengo wapatali. Chinthu chotero kulibe. Bodza lomweli linavuta ku Saudi Arabia mu 2009, anthu akulimbirana makina akale a Singer. Mekyule yeniyeni ndi yotuwa ngati siliva, ndipo ndi poizoni woononga ubongo ndi impso, makamaka kwa ana ndi amayi oyembekezera. Wina akabwera nayo m'kabotolo pakhomo panu, musaigwire, musaitenthe, ndipo ana atalikire.

Sitikunena kuti kusonkhanitsa zakale n'kulakwa. Mphunzitsi wina wopuma pantchito m'dera lathu lino ali ndi buku la masitampa a Nyasaland, ndipo ana a sukulu amaphunzirapo zambiri. Iye amagula ndi ndalama yotsala, ndipo sayembekezera kuti idzabwerera. Vuto limayamba pamene ndalama ya feteleza, ya fizi kapena ya matenanti ilowa m'kachitini, makamaka miyezi ya okushoni pamene dobadoba aliyense amadziwa kuti m'midzi muli ndalama. Chipata chimene timalangiza mabanja n'chophweka: ndalama yaikulu isatuluke m'nyumba mwamuna ndi mkazi asanakambirane, ndipo pagone masiku angapo. Wogulitsa wonena kuti "ndi lero lokha" msiyeni apite.

Mwana uja tinasonkherana ya kabaza, ndipo kuchipatala anamupeza ndi malungo. Anachira. Chaka chimenecho banjalo linathira feteleza theka la munda, wa ngongole ya banki m'khonde. Titabwererako mu September tinapeza agogo a mwanayo atatenga peni imodzi n'kuimanga pachingwe, akuonetsa zidzukulu mmene ankasungira ndalama ali mtsikana popita kusitolo ya Mmwenye. Makobidi 13 otsalawo akadali m'kachitini, ndipo mayi a m'nyumbamo anatinong'oneza kuti bambo amayesabe nambala ija mwa apo ndi apo.