Bedi la maluwa kuseri kwa nyumba: yambani mwathana ndi kapinga

Anthu ambiri akafuna maluwa kuseri kwa nyumba amathamangira kukagula mbande m'mphepete mwa msewu, n'kudzatema kapinga ndi khasu tsiku lomwelo. Mvula ikangogwa mwezi umodzi, kapinga uja amakhala atabwerera, maluwa atafooka, ndalama zitalowa m'madzi.

Vuto lagona pa kakulidwe ka udzu umenewu. Kapinga amayanga pamwamba, komanso ali ndi mitsitsi yoyera, ya mfundomfundo, imene imayenda pansi pa nthaka. Kachidutswa kalikonse kokhala ndi mfundo kakhoza kuphuka. Choncho munthu amene akuduladula kapinga n'kumukwirira m'dothi, ndiye kuti akumudzalanso.

Nthawi yabwino yoyamba ntchitoyi ndi mu Seputembala kapena Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Sankhani malo amene amaombedwa ndi dzuwa kwa maola 6 pa tsiku, ndipo muyambe mwadziwa pamene padutsa paipi ya madzi. Khomani zikhomo n'kumanga chingwe. M'lifupi bedi lisapitirire mita imodzi, kuti muzifika pakati popanda kupondamo.

Thirani madzi dzulo lake kuti nthaka ifewe. Kumbani masentimita 30 kupita pansi, kuntani chibuma chilichonse, ndipo tolani mitsitsi yonse ndi manja. Apa ndi pofunika kudekha. Mitsitsiyo muiyanike pa lata mpaka iume gwa. Mukaiponya pa kompositi ikadali yaiwisi, idzabwerera ku bedi pa wilibala yanu yomwe.

Mukatero musadzale msanga. Thirirani bedi lopanda kanthulo kwa masabata awiri. Kapinga amene anabisala adzadziulula yekha, ndipo mudzamuzula mosavuta. Kenako sakanizani dothi ndi manyowa owolerana bwino, poti ndowe zaziwisi zimawotcha mizu komanso zimabweretsa njere za udzu. Mukagwira manyowa, sambani m'manja ndi sopo.

Nanga amene thupi silikuwalola kugwira khasu nthawi yaitali? Akhoza kumweta udzuwo mpaka pansi, kuyalapo makatoni mosanjikiza osasiya mpata, ndi kuthira manyowa pamwamba. Njirayi siitopetsa, koma imafuna miyezi ingapo, ndipo chiswe chikaboola makatoni pamafunika kuyalanso ena.

Bedi likakonzeka, litchingeni, chifukwa kapinga wa m'mbali sagona. Ngalande yaing'ono yozungulira bedi imathandiza kuposa njerwa zongosanja pamwamba, zimene udzu umadutsa m'mipata yake. Muziilambula pakatha masabata awiri alionse m'nyengo ya dzinja.

Poyamba dzalani maluwa osavuta monga marigold, zinnia ndi cosmos. Onsewa kwawo ndi ku Mexico, amapirira dzuwa, ndipo amamera kuchokera ku njere. Fesani mvula ikakhazikika mu Disembala, aataliwo kumbuyo, aafupi kutsogolo. Akauma, sungani njere zake mu envulopu kapena m'botolo louma, zina mukagawireko anzanu a ku gulu.