Ndani amaona mbiri ya mwana wanu m'kompyuta ya kuchipatala?

Mlangizi wa zaumoyo akalemba pa tabuleti kuti mwana wanu walandira katemera wa chikuku, uthengawo sukhala m'tabuletimo mokha. Netiweki ikangopezeka, umakoperedwa kupita ku kompyuta yaikulu yotchedwa seva. Akatswiri amati replication, kutanthauza kusunga zolembedwa zomwezo m'malo angapo, kuti tabuleti ikabedwa kapena kugwera m'madzi, mbiri ya mwanayo isatayike.

Izi si zachilendo kuno kwathu. Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsa malipoti a zipatala kudzera mu DHIS2, pulogalamu yomwe inapangidwa ku University of Oslo m'dziko la Norway, ndipo alangizi a zaumoyo m'maboma ena akugwiritsa ntchito iCHIS polemba za m'midzi.

Koma kukoperaku sikusankha. Wina akasintha dzina la mankhwala molakwika kapena kufufuta tsiku la katemera, cholakwikacho chimapitanso ku seva. N'chifukwa chake aliyense wogwira ntchito amayenera kukhala ndi akaunti yakeyake, ya dzina lake ndi pasiwedi yake, kuti zidziwike amene walemba kapena kusintha kanthu.

Akaunti iliyonse imapatsidwa chilolezo molingana ndi ntchito ya mwini wake. Kalaliki wolembera odwala amafunika dzina, mudzi ndi tsiku lobadwa, osati zotsatira za magazi. Wopereka mankhwala amafunika kuona zimene dokotala walamula. Nayonso ntchito yokopera imakhala ndi akaunti yapadera yomwe si ya munthu. Imaloledwa kutumiza ndi kulandira zolembedwa basi, ndipo pasiwedi yake amaisunga ndi woyang'anira makompyuta.

Vuto limayamba anthu akamabwerekana pasiwedi poti mzere watalika. Zotsatira za HIV za mayi zikamveka pamjigo, banja likhoza kugwedezeka, mwinanso mayiyo n'kusiya kukatenga ma ARV. Pamenepo wotulutsa chinsinsi sadziwika, chifukwa anthu asanu analowera dzina limodzi. Lamulo la Data Protection Act la 2024 limaika nkhani za umoyo wa munthu m'gulu la zofunika kuziteteza mwapadera.

Inu mavolontiya, musalembe pasiwedi pachikuto cha kaundula, ndipo tulukani mu akaunti musanapereke tabuleti kwa mnzanu. Wina akasiya ntchito kapena kusamutsidwa, kumbutsani oyang'anira kuti atseke akaunti yake. Inu makolo, ndinu ololedwa kufunsa amene amaona mbiri ya mwana wanu. Sunganinso bwino buku lake la kusikelo, chifukwa magetsi akazima ndi lomwe adokotala amadalira.