Mgodi Unawanyenga, Koma Nzeru za Anchito Zinawalemeretsa

Inu amuna a m'migodi mudziwa bwino kuti mwala umanyenga. Ungathe kuoneka ngati cuma, koma pouyesa upezeka wacabe. Nkhani yathu ya mlungu uno ndi ya kampani ya ku America imene inanyengedwa ndi mwala, koma pambuyo pake inalemera cifukwa ca kulola anchito ake kutsata maganizo ao pa nthawi ya kampani.

M'caka ca 1902 amuna 5 anayamba kampani ku Two Harbors, m'cigawo ca Minnesota. Anaicha Minnesota Mining and Manufacturing Company, ndipo lero idziwika ndi dzina lalifupi lakuti 3M. Iwo anafuna kukumba mwala wolimba wochedwa corundum, umene apangira mphero zonolera zitsulo. Koma mwala umene anakumba sunali umenewo ai. Unali wina wopanda malonda. Tsono anasiya mgodi nayamba kupanga sandipepa, pepala lija la mcenga limene amisiri asalalitsira matabwa ndi zitsulo.

MNYAMATA AMENE SANALEKE

M'kampanimo munali mnyamata dzina lake Richard Drew, amene ankatumidwa kukayesa sandipepa ku magalaji a galimoto. Masiku amenewo anthu anakonda galimoto ya mitundu iwiri, ndipo opaka utoto anali pa bvuto. Pofuna kupaka mtundu waciwiri ankamata mapepala pa mtundu woyamba, koma pomatula, utoto unali kusendeka ndi pepala lomwe. Drew anaganiza zopanga tepi yomata bwino ndi yomatuka bwino.

Mkuru wake anali William McKnight, amene anayamba nchito m'kampaniyo m'caka ca 1907 monga kalaliki wamng'ono wa mabuku a ndarama. Ataona kuti masiku alikupita wopanda cooneka, McKnight anamuuza kuti abwerere ku sandipepa. Drew sanaleke. M'caka ca 1925 tepi yake inatheka, ndipo mu 1930 anapanganso tepi yoonekera ngati galasi, imene icuruka m'maofesi ndi m'masitolo kufikira lero.

McKnight sanacite manyazi kuphunzira kwa mnyamata wake. Anazindikira kuti akadamletsa ndithu, kampani ikadataya cuma cambiri. Kuyambira m'caka ca 1948 kampani inalola anchito ake oyesa zinthu zatsopano kutenga magawo 15 pa magawo 100 ali onse a nthawi yao ya nchito, kuti acite zimene iwo eni aziganizira. Pa mlungu wa maola 40, amenewo ndi maola 6, ndipo malipiro sadulidwa. McKnight anaphunzitsa akapitao ake kuti wanchito wopatsidwa ufulu adzalakwa ndithu nthawi zina, koma bwana wokalipira kulakwa kuli konse amapha mtima wofuna kuyesa.

GULUU WOSAGWIRA

M'caka ca 1968 katswiri wa mankhwala, Spencer Silver, anapanga guluu wacilendo. Anali kumata pang'ono cabe, ndipo munthu akamatula ankatha kumatanso pena, osasiya banga. Silver anayenda naye m'kampani monse zaka zingapo, koma panalibe woona nchito yake.

Mnzake wina, Art Fry, anali woyimba m'kwaya ya ku chalichi. Timapepala timene ankaika m'buku la nyimbo kuti asataye malo tinkagwa nthawi zonse. M'caka ca 1974 anakumbukira guluu wa Silver, ndipo pa maola ake aja anayamba kumpaka pa timapepala. Poyamba malonda anakanika, pakuti anthu sanadziwe cocita nato. Koma mu 1978 kampani inatigawa kwaulere ku maofesi a m'mzinda wa Boise, ndipo amene anatiyesa anafunanso tina. M'caka ca 1980 tinayamba kugulitsidwa m'America monse ndi dzina lakuti Post-it. Akuru akale sananame kuti mutu umodzi susenza denga: wina anali ndi guluu, wina anali ndi bvuto lofuna guluuyo.

Makampani ena anatsanzira. M'caka ca 2004 eni a Google, Larry Page ndi Sergey Brin, analemba kuti anali kulimbikitsa anchito ao kutenga magawo 20 pa 100, ndilo tsiku limodzi pa masiku 5, ndi kuti Google News inayambira pa nthawi imeneyo.

SI NTHAWI YOPUMA

Owerenga asayese kuti maola amenewa ndi ogona pa mthunzi. Wanchito ayenera kutsiriza nchito imene anamlembera, ndipo cinthu cimene apanga cikhala ca kampani, osati cake. Maganizo ambiri amathera m'njira, ndipo ngakhale otheka amacedwa. Kucokera pa guluu wa Silver kufika pa malonda a Post-it panapita zaka 12. Kampani yosapirira ikadaleka kale.

Pansi pa mgodi munthu sangasiye gulu lake maola 6, pakuti kuboola, kuphulitsa ndi kucotsa miyala zonse ziri ndi nthawi yake, ndipo moyo wa mnzako uli m'manja mwako. Koma taonani kumene nzeru zimenezi zinacokera. Drew anaona bvuto cifukwa anaimirira pafupi ndi opaka utoto, osati m'ofesi. Comweconso munthu wogwira makina oboolera tsiku ndi tsiku amaona zinthu zimene wokhala pa tebulo saziona. Ku 3M kunafunika anthu awiri: wanchito wosaopa kunena ganizo lake, ndi bwana wolola kumpatsa nthawi yoliyesa. Pakasowa mmodzi wa awiriwa, ganizo labwino limangofera m'mutu wa mwini wake.