Kusema Lupanga la Mfumu Arthur ndi Choimikamo Chake

Aphunzitsi ambiri amaliona mopepuka phunziro la ntchito zamanja, kotero kuti nthaŵi yake imathera pa kusesa pabwalo kapena kuumba ng'ombe zadothi chaka ndi chaka. M'nkhani ino tifuna kuonetsa m'mene ntchito imodzi yosema ingaphunzitsire ana kuyeza, kulinganiza ndi kusamala zida, ndi kusiyiranso sukulu chipangizo chochitira seŵero. Tasankha lupanga la Mfumu Arthur wa m'nthano za ku Britain.

M'buku la Thomas Malory lotchedwa Le Morte d'Arthur, limene William Caxton anasindikiza m'chaka cha 1485, Arthur ali ndi malupanga aŵiri. Loyamba analisolola pamwala akali mnyamata, akuluakulu onse atalephera, ndipo potero anadziŵika kuti ndiye mwini ufumu. Lachiŵiri, lotchedwa Excalibur, analilandira kwa mkazi wa m'nyanja. Ife tisema loyambalo, pakuti mwala wake ndiwo udzakhale choimikamo. Maonekedwe ake titengera malupanga akale a ku Ulaya: thupi loongoka, chopingasa chotchinjiriza dzanja, chigwiriro, ndi mutu wa chigwiriro.

Zofunika

Tifunika thabwa louma la malaina kapena paini, lotalika masentimita 90, mulifupi masentimita 5, kuchindikala masentimita 2. Kathabwa kena ka masentimita 20, kokulirapo mulifupi. Sowo, chizulo, tupa, sandipepala, rula, guluu, chingwe cha khonje ndi utoto. Tisankhe thabwa lopanda mfundo, limene mizere yake yatsata utali. Mizere ikapingasa, lupanga lidzathyokera pakhosi, pamene thupi likumana ndi chigwiriro. Pa chifukwa chomwecho, thupi ndi chigwiriro zichokere m'thabwa limodzi, zisakhale zolumikiza.

Kasemedwe

Ophunzira ayambe ndi pepala, osati thabwa. Apinde pepala lalitali pakati, ajambule theka la lupanga, adule, kenaka afunyulule. Mbali ziŵirizo zidzafanana ndithu, ndipo apa mphunzitsi wapeza mpata wofotokoza za mzere wogaŵa chinthu pakati monga timaphunzirira m'masamu. Pepala likalakwika titaya pepala lokha. Thabwa likalakwika tataya ndalama za sukulu.

Akakhutira ndi chithunzicho achilembe pathabwa: masentimita 70 akhale thupi, 20 otsalawo chigwiriro. Chigwirirocho achichepetse ndi sowo kufikira masentimita 3 mulifupi, kuti pakhale mapewa aŵiri otsamirapo chopingasa. Pakati pa kathabwa kaja aboole ndi chizulo bowo lofanana ndi chigwiriro, akaloŵetse kufikira pamapewa, namata ndi guluu. Atatero akulunge chingwe pachigwiriro mothinana, ndi kukhomera kamtengo kobulungira kumapeto.

Pakati pa thupi tingagobe kangalande kosazama. Ana ambiri amati kangalandeko n'kodutsamo magazi, koma si zoona. Osula ankakagoba pofuna kupeputsa chitsulo popanda kuchifooketsa. Mutu wa chigwiriro nawo unali ndi ntchito yake: kulemera kwake kunkakokera pokhazikika pa lupanga kufupi ndi dzanja. Ophunzira ayese okha. Agoneke lupanga pachala, apeze pamene likhazikika, amangirire kamwala kumutu wa chigwiriro, ndipo aone m'mene malowo asendera chakudzanja.

Mphepete ndi nsonga zisanoledwe konse. Tizipale ndi tupa kufikira zitabulungira, pakuti nsonga yamtengo ingathe kuboola diso la mwana. Posema, mpeni kapena chizulo zilunjike kutali ndi thupi, ndipo thabwa likhale lopanidwa bwino. Zida tiziŵerenge pogaŵa ndi polandira.

Choimikamo

Lupanga loimirira limalemera kumwamba, choncho tsinde lopepuka kapena lopapatiza lidzagwa. Tikhome bokosi la masentimita 40 mbali zonse ziŵiri ndi masentimita 25 msinkhu, tiboole pamwamba mpata wokulirapo pang'ono kuposa thupi la lupanga. M'kati tiimike timatabwa tiŵiri tochirikiza lupangalo, ndipo m'mbali tiikemo miyala. Kunja timate mapepala akale oviika m'phala la ufa wa chinangwa, mosalinganiza, kuti lioneke ngati thanthwe. Mapepala oyamba aume tisanamate ena. Tikafulumira, m'kati mudzachita nkhungu. Likauma tilipake utoto wotuwa. Mumpata muja timatemo kansalu kuti utoto wa lupanga usakandike, komanso kuti mwana woseŵera Arthur alisolole mosavuta.

Popereka malikisi tisayang'ane kukongola kokha. Tifunse ngati miyeso yatsatidwa, ngati mbali ziŵiri zafanana, ngati chopingasa sichigwedera, ndiponso ngati gulu labweza zida zonse popanda wovulala.