Ngongole ya Swaumu: Bwanji Kudikira Shaabani?

Idi ikangotha, m'makomo ambiri mumatsala ngongole imene palibe munthu amabwera kudzailonjerera. Mayi adasiya kufunga masiku 7 chifukwa cha kumwezi, bambo adagona masiku 3 ndi malungo. Onse amati, "Ndibweza, Insha Allah." Mawuwa ndi abwino, koma ena a ife tidawasandutsa pobisalira.

Wozengereza kawirikawiri si waulesi ayi. Mayi yemweyo amalawirira kudoko kukagula usipa, n'kuuyanika dzuwa lisanakwere. Chimene chimamulemera ndi kufunga yekha. M'mwezi wa Ramadhan mudzi wonse umadzukira daku ndipo futari timadyera pamodzi. Pobweza, mphika uli pamoto masana, wophika ndiwe amene. Mtima umathawa chowawacho n'kumadzinamiza kuti miyezi 11 ndi yambiri. Paja akuluakulu adati zengerezu adalinda kwawukwawu.

N'zoona kuti Mayi Aisha (RA) ankabweza masiku awo m'mwezi wa Shaabani, ndipo kutero n'kololedwa. Koma taonani pamene Shaabani akugwera. Chaka cha Chisilamu chimachepa ndi masiku pafupifupi 11 poyerekeza ndi kalendala ya boma, choncho mu 2026 ndi 2027 mweziwu uli mu Januwale ndi Febuluwale: ntchito ili thoo kumunda, usana ndi wautali, nkhokwe zapepuka. Pamene mu Juni ndi Julayi, mwera ukuwomba ku Mangochi, ku Salima ndi ku Nkhotakota, usana ndi waufupi ndipo ludzu silivuta kwenikweni. Wodikira Shaabani wadzisankhira yekha nyengo yowawa.

Palinso china. Malinga ndi chiphunzitso cha Imam Shafi'i, amene wafika Ramadhan ina asanabweze, popanda chifukwa chomveka, ayenera kubwezabe masikuwo komanso kudyetsa wosauka pa tsiku lililonse.

Masikuwa safunika kubwezedwa mondondozana. Tchulani tsiku lenileni, monga Lachinayi likudzali, osati "mwezi wamawa". Panganani ndi mnzanu amene alinso ndi ngongole kuti mufungire limodzi, ndipo niya muchitiretu usiku. Pewani masiku a Idi ziwiri zija ndi masiku 3 otsatira Idi ya nsembe. Inunso abambo, tsiku limene mayi afunga musafunse nsima ya masana. Ana okulirapo aphike.