Utoto wonyezimira si umene umasunga aluminiyamu ya pa boti

Aluminiyamu ili ndi mbiri yoti sichita dzimbiri, n'chifukwa chake opanga maboti amaikonda pa zomangirapo zingwe, zogwirira za m'mbali, milongoti ngakhalenso thunthu la injini ya kumbuyo. Mbiriyi ndi yoona mbali imodzi yokha. Chitsulochi chikangokumana ndi mpweya, pamwamba pake pamapangika kakhungu kolimba koma kosaoneka ndi maso, ndipo kameneka ndi kamene kamachiteteza. Mchere umakaboola. Madzi a nyanja ya mchere, monga ku Beira kapena ku Durban, amakhala ndi magalamu pafupifupi 35 a mchere pa lita iliyonse, ndipo kumeneko chomangirapo chingwe chosatetezedwa chimayamba kutuluka ufa woyera. Mukaupukuta mumapeza timaenje ting'onoting'ono tolowa mkati. Pamwamba chimaoneka chabwinobwino, koma tsiku la mafunde chimathyoka chingwe chikakoka.

Pa zitsulo zimene zingwe zimakhulapo tsiku ndi tsiku, njira yodalirika ndi imene amaitcha anodizing. Amamiza chitsulocho m'madzi a asidi n'kudutsitsamo magetsi, ndipo kakhungu kachilengedwe kaja kamakula mpaka kukhala kochindikala. Ubwino wake ndi wakuti sichinthu chomatidwa pamwamba choti chingamatuke. Ndi aluminiyamu yomweyo imene yasandulika. Njirayi inayamba kugwiritsidwa ntchito m'mafakitale mu 1923 ku Britain poteteza zitsulo za ndege zotera panyanja, kotero inabadwira m'vuto lomweli la madzi amchere. Komabe wogula asangomva dzina n'kutulutsa ndalama. Anodizing wamba, amene timamuona pa mafelemu a mawindo, amakhala wa mamaikuloni 5 mpaka 25, pomwe wolimba kwambiri amafika cha pa 50 (mamaikuloni 1,000 ndiwo milimita imodzi). Kakhunguka kamatuluka ndi timabowo tambirimbiri toyenera kutsekedwa, kawirikawiri m'madzi owira, ndipo ngati fakitale yadumpha ntchito imeneyi mchere umalowa ndithu.

Ena anena kuti utoto ndi wochindikala kuposa pamenepo, makamaka wa ufa uja amauthira ndi magetsi n'kuuwotcha mu uvuni pa madigiri pafupifupi 200, ndiponso umapezeka m'mitundu yonse. N'zoona, ndipo ukakhala watsopano palibe chokongola kuposa umenewo. Vuto limayamba nangula akangougunda n'kuchotsa kachibenthu. Chinyezi chimalowa pamenepo n'kumayenda pansi pa utotowo, pomwe mpweya sufika kuti kakhungu koteteza kapangikenso. Mukayang'anitsitsa m'mbali mwa bawuti mumaona tinjira tokhotakhota totukuka ngati ta chiswe, kenako matuza, ndipo mukakanda ndi chikhadabo utoto umasupuka n'kusiya ufa woyera uja. Aluminiyamu yosapaka kanthu nthawi zina imakhalitsa kuposa yopakidwa mosasamala, chifukwa ikakandika imadzipoletsa yokha. Utoto uli ndi malo ake, makamaka pa zitsulo zoumbidwa m'chikombole zokhala ndi silikoni wambiri, zimene anodizing sazigwira bwino. Pamenepo m'pofunika kupala bwino, kutsuka mafuta onse ndi kuyamba ndi penti yapansi ya epoxy, osati kungowaza mtundu.

Koma ngakhale anodizing wabwino chotani sangapulumutse chitsulo chimene chamangidwa molakwika, ndipo apa ndi pamene eni maboti ambiri amatayira ndalama. Zitsulo ziwiri zosiyana zikagundana m'madzi zimapanga batire yeniyeni, ndipo chimodzi chimadyeka kuti chinzake chitsale. Pakati pa aluminiyamu ndi bawuti ya stainless steel, yodyeka ndi aluminiyamu. Mmisiri akaboola bowo anodizing atachitika kale, mkati mwa bowolo mumakhala chitsulo chamaliseche chogundana ndi bawuti, ndipo kudyeka konse kumasonkhana pa kamalo kochepako. Pakapita nthawi bawuti imagwira osamasuka, kapena bowo limakula mpaka chogwirira kuyamba kugwedera. Choncho ntchito iyende motere: kudula, kuboola ndi kuwotcherera ziyambe, anodizing abwere pomaliza. Pomanga, bawuti ipakidwe phala lotchinga monga Tef-Gel kapena Duralac, ndipo pansi pa mutu wake pakhale washer ya pulasitiki. Mkuwa ndiye woopsa kuposa zonse. Zomangira zamkuwa zisakhudze aluminiyamu, ndipo penti yoletsa ndere kumera pansi pa boti, imene nthawi zambiri imakhala ndi mkuwa, isapakidwe pa boti la aluminiyamu pokhapokha italembedwa kuti ndi yoyenera chitsulochi.

Msodzi wa ku Monkey Bay kapena ku Nkhata Bay angafunse kuti zonsezi zimukhudza bwanji poti Nyanja ya Malawi ilibe mchere. Funsoli n'lomveka. M'madzi opanda mchere kudyeka kumachedwa kwambiri, moti aluminiyamu ya maboti yodziwika ndi manambala 5052, 5083 ndi 5086 ikhoza kukhala zaka zambiri osapakidwa chilichonse, ndipo sindikuona chifukwa cholipirira anodizing wolimba pa chinthu chimene chingwe sichikhulapo. Chimene sichisintha ndi nkhani ya zitsulo ziwiri ija. Injini za kumbuyo monga Yamaha zimabwera ndi kachitsulo komangidwa kumunsi, pafupi ndi chopalasira, kamene ntchito yake ndi kudyeka m'malo mwa thunthu la injini. Nzeru imeneyi anaiyesa katswiri wa sayansi Humphry Davy mu 1824 pa zombo za asilikali a Britain zokutidwa ndi mkuwa. Zinki imagwira bwino ntchitoyi m'madzi amchere, koma m'madzi opanda mchere imachita khungu lake n'kusiya kudyeka, choncho kuno koyenera ndi ka magnesium. Kachitsuloka sikapakidwa penti, ndipo kakatha theka kasinthidwe. Potsuka, sopo wamba ndi madzi n'zokwanira. Mankhwala okhala ndi soda yoyabwa amasungunula anodizing yemweyo amene mwalipira ndalama zambiri.