Mutu Umodzi Ukalephera Kusenza Denga

Kodi chimachitika n'chiyani anthu akaponya voti, mavoti n'kuwerengedwa bwinobwino, koma osapezeka chipani chokhala ndi aphungu okwanira kulamula chokha? Izi n'zimene zinaoneka ku South Africa m'chaka cha 2024. Nkhaniyi, abale ndi alongo, ikutikhudza ife a m'mbali mwa nyanja, poti makomo ambiri a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota ali ndi mwana kapena mlamu amene akugwira ntchito ku Joni.

Kumeneko pulezidenti sasankhidwa ndi anthu mwachindunji monga kwathu kuno. Anthu amavotera zipani, ndipo aphungu 400 a m'nyumba ya malamulo ndiwo amasankha mtsogoleri wa dziko. Kuyambira mu 1994, chipani cha ANC chinkapeza aphungu oposa theka nthawi zonse. Koma pa chisankho cha pa 29 Meyi 2024 chinapeza 159 okha. DA inapeza 87, MK ya a Jacob Zuma 58, ndipo EFF ya a Julius Malema 39. Anthu anali atatopa ndi kusowa kwa ntchito, kuzimazima kwa magetsi ndi nkhani za katangale.

Nthawi yokambirana inali yochepa, chifukwa malamulo a dzikolo amati aphungu akumane pasanathe masiku 14 zotsatira zitalengezedwa. MK inakana kugwirizana ndi ANC ngati a Cyril Ramaphosa akhalabe pampando. DA nayo inakanitsitsa kukhala m'boma limodzi ndi EFF kapena MK. Mapeto ake ANC inaitana zipani kuti zipange boma la mgwirizano, ndipo pa 14 Juni a Ramaphosa anasankhidwanso ndi mavoti 283, pamene a Malema anapeza 44.

Ntchito yovuta inali yogawana maunduna, imene inatenga masabata ena awiri. Zipani khumi zinalowa m'bomalo. ANC inatenga maunduna 20, DA 6, IFP 2, otsalawo n'kupita ku zipani zing'onozing'ono. Unduna woona za ziphaso ndi zilolezo za alendo, umene ana athu amaudziwa bwino, unapita kwa a Leon Schreiber a DA. Ngakhale chipani cha Al Jama-ah, chokhala ndi aphungu awiri okha, chinalandirako gawo: mtsogoleri wake, a Ganief Hendricks, anakhala wachiwiri kwa nduna.

Mgwirizanowu unayesedwa mu 2025. Nduna ya zachuma inafuna kukweza msonkho wa VAT kuchoka pa 15 kufika pa 17 peresenti. Zipani zina za m'boma momwemo zinakana, kotero kuti tsiku lowerenga bajeti mu Febuluwale linasinthidwa. Ndunayo itabwera ndi chiwerengero chocheperapo, DA inakanabe mpaka kukasuma ku khoti, ndipo mu Epulo ganizo lokweza msonkholo linachotsedwa. Msonkhowo ukanakwera, katundu wambiri akanadula, ndipo mnyamata wogwira ntchito m'sitolo ku Durban akanachepetsa ndalama zotumiza kwa amayi ake kumudzi.

Akuluakulu akukumbukira kuti ifenso tinalawako zoterezi. Mu 1994 a Bakili Muluzi anapambana upulezidenti, koma UDF inapeza aphungu 85 mwa 177, MCP 56 ndipo AFORD 36. Pofuna kuti malamulo azidutsa m'nyumba ya malamulo, a Chakufwa Chihana a AFORD analowetsedwa m'boma ngati wachiwiri wachiwiri kwa pulezidenti. Ubalewo sunakhalitse. Mu 1996 a Chihana anatula pansi udindo, akudandaula za katangale, koma nduna zina za chipani chawo zinakana kutuluka nawo, ndipo AFORD inagawikana.

Tikuphunzirapo chiyani? Boma la mgwirizano limayenda pang'onopang'ono, ndipo phokoso silisowa. Ubwino wake ndi wakuti palibe angasankhe zinthu payekha kuseri kwa chitseko. Tsono mukamva kuti zipani zagwirana manja, musathamangire kufunsa kuti ndani walandira unduna uti. Yambani mwafunsa kuti agwirizana zotani pa za misonkho, ntchito ndi sukulu, ngati azilemba poyera, ndiponso kuti akadzasemphana maganizo adzaweruzana motani. Anthu ogulira limodzi bwato amayamba apangana kagawidwe ka nsomba khoka lisanalowe m'madzi.